Injini ya thiraki m'kagalimoto kotsika: yambani mwayeza musanadule chitsulo

A Mkonzi,

Tipatseniko malo m'nyuzipepala yanu kuti tithirire ndemanga pa nkhani imene ikukopa anthu ambiri okonda zagalimoto, yoika injini yaikulu ya thiraki m'kagalimoto kaliwiro kotsika kwambiri, kaja munthu amagula zipangizo zake n'kukamanga yekha. Ife ndife amakaniko. Ntchitoyi imatheka ndithu, koma chimene chimagwetsa anthu ulesi pakati panjira ndi msinkhu wa injini ndi kulemera kwake. Zamphamvu sizivuta, imakhala nayo yochuluka kuposa imene kagalimotoko kangafune.

Tigwirizane kaye za injini imene tikunena. Dizilo ya lole, monga Cummins 6BT ya malita 5.9, imalemera pafupifupi makilogalamu 500, pamene Caterham Seven, imodzi mwa timagalimoto totsikati, yathunthu, ndi matayala omwe, imalemera pakati pa 500 ndi 600. Imeneyo ingoiwalani. Imene ikuyenera kukambidwa ndi V8 (injini ya masilinda 8) ya petulo ya m'mapikiapu a ku America, makamaka LM7 ya malita 5.3 ya General Motors imene inayamba kuikidwa mu Chevrolet Silverado mu 1999, ndi inzake yokulirapo ya malita 6.0 yotchedwa LQ4. Zonsezi ndi za banja limodzi ndi LS1 ya mu Corvette ndi Camaro, n'chifukwa chake zipangizo zambiri zimalowana. LM7 yosasinthidwa imatulutsa mphamvu yopotokola pafupifupi 440 Nm.

Musanagule kalikonse, ikani chasisi pamatabwa pa msinkhu umene idzayendere pamsewu, ndipo yezani zinthu zitatu: kuchokera pansi kufika kunsi kwa boneti, mpata wa pakati pa mapaipi apamwamba a chasisi, ndi utali kuchokera pomwe pali mapedulo kufika pa chitsulo cha chiwongolero. Miyezo ya injini muziiwerengera kuchokera pakati pa crankshaft, shafiti yaikulu imene mapisitoni amazunguza, chifukwa mzere umenewo ndiwo umalamula pamene giyabokosi ndi propshaft (shafiti yopititsa mphamvu ku matayala akumbuyo) zidzakhale. Dulani thabwa lopyapyala m'maonekedwe a injiniyo n'kuliyesa m'malomo. Lamulo lathu n'lakuti sampu, chosungira oyilo cha kunsi kwa injini, isatsike kupitirira mapaipi apansi a chasisi, ndipo pakhale mamilimita osachepera 100 kuchokera pansi, dalaivala atakhalamo, thanki ili yodzadza.

Sampu ya thiraki ndi yakuya kupitirira masentimita 20, ndipo m'galimoto yotsika ndiyo idzayambe kumenya mwala. Ya Camaro ya zaka za 1998 mpaka 2002 ndi pafupifupi masentimita 14. Koma sampu siisinthidwa yokha. Paipi yoyamwa oyilo, chitsulo chotchinga oyilo kunsi kwa crankshaft ndi dipisitiki ziyenera kukhala za sampu yomweyo. Pamene paipi yoyamwayo imalowa mu pampu pali kamphira kozungulira. Kakapanikizika molakwika kapena mukaika ka saizi ina, pampu imayamwa mpweya ndipo oyilo amachepa mphamvu, mwini wake n'kumada pampu yosalakwa. Kukamwa kwa paipiyo kutalikirane ndi pansi pa sampu mamilimita 6 mpaka 10. Yezani poika kadongo, kumanga sampu pang'ono, kenako n'kumasula kuona mmene kaphwatalalira.

Palinso china chimene thiraki sikumana nacho. Galimoto yotsika imakhota mwamphamvu, oyilo yense n'kuthawira mbali imodzi, paipi n'kuyamwa mphepo kwa masekondi awiri kapena atatu. Masekondi amenewo ndi okwanira kupsereza mabeyaring'i. Choncho m'sampu muikidwe zipupa zokhala ndi titseko totsegukira mbali imodzi, ndipo ngati galimotoyo idzapita kumpikisano, ganizirani za dry sump, imene imasunga oyilo m'thanki yapadera ndipo imalolanso injini kutsika kwambiri.

Kumwamba ndiko kuli nkhani yaitali. Manifodi yolowetsa mpweya ya thiraki ndi yaitali masentimita angapo kuposa ya LS1 kapena LS6, ndipo boneti sitsekeka. Ya LS1 ndi LS6 imakwana pamitu ya LM7 ndi LQ4 chifukwa mabowo ake ndi ofanana. Ya LS3 ayi, mabowo ake ndi amakona anayi. Mukangoika yaifupiyo, kukamwa kwake kumatsika n'kugundana ndi paipi yapamwamba ya pampu yamadzi ya thiraki komanso chitsulo chogwira otaneta. Mukasintha pampu, lamba sayendanso pamzere umodzi, chifukwa General Motors inapanga mizere itatu: wa Corvette uli pafupi kwambiri ndi injini, wa Camaro uli pakati, wa thiraki uli kutsogolo. Ndiye pule ya crankshaft, pampu yamadzi ndi zogwira otaneta zichokere ku mtundu umodzi. Mukasakaniza, lamba azidumpha. Bawuti ya pule imatamuka ikamangidwa, choncho ikani yatsopano. Ma injector a thiraki nawonso ndi aafupi ndipo pulagi yake ndi ina. Ambiri amawerengera manifodi yokha, osadziwa kuti yakoka zinthu zina zisanu.

Pofuna kuthawa zonsezi, ena amakweza injini n'kuboola boneti, ena amadula paipi ya chasisi imene ikutchinga. Zonse ziwiri sitigwirizana nazo. Kukweza injini kumakweza kulemera kwa galimoto yonse ndi kupotoza mzere wa propshaft. Kudula chasisi ndiye koopsa zedi. Chasisi ya mtundu wa Locost, kagalimoto kodzimangira kotengera Seven, imapangidwa ndi mapaipi amakona anayi a mamilimita 25, ochindikala 1.6 okha, ndipo kulimba kwake kumachokera ku mapaipi opingasa. Limodzi likachotsedwa kuti ekizozi idutse, libwezeretsedwe lina lomanga ndi mabawuti, ndipo miyendo ya injini iwotchereredwe pamphambano ya mapaipi, osati pakati pa paipi limodzi. Kumbukirani kuti AC Cobra inayamba mu 1962 ndi V8 ya Ford ya malita 4.3, koma pamene Carroll Shelby ndi anzake anaika ya malita 7.0 mu 1965, chasisi inapangidwa mwatsopano: mapaipi ake aakulu anachoka pa mainchesi 3 kufika 4, ndipo masipuling'i a zitsulo zosanjikiza analowedwa m'malo ndi opiringiza.

Buloko ya LM7 ndi LQ4 ndi yachitsulo, yolemera makilogalamu pafupifupi 40 kuposa ya aluminiyamu. Zilipo za malita 5.3 za aluminiyamu, LM4 ndi L33, ndipo ngati zapezeka musazengereze. Injini yonse ikhale kumbuyo kwa mzere wa matayala akutsogolo, ngakhale kuti sentimita iliyonse yobwerera m'mbuyo imadya malo a mapazi a dalaivala. Mukamaliza, ikani tayala lililonse pasikelo yake, ndipo masipuling'i, mashokabuzoba ndi mabuleki musankhe potengera zimene masikelowo anena. Mukasiya akale aja a injini ya masilinda anayi, mphuno imagwa pomanga buleki ndipo galimoto imakana kukhota.

Mapikiapu ambiri amabwera ndi giyabokosi ya otomatiki, yonenepa moti siilowa m'ngalande ya pakati pa mipando. Ya Ford Type 9, imene imakonda kuikidwa m'timagalimoto timeneti, inapangidwira injini zazing'ono ndipo sichedwa kuthyoka mano. Tremec T56 kapena TKX ndizo zimapirira. Musaiwale kuika kabeyaring'i kumbuyo kwa crankshaft kogwira mutu wa shafiti ya giyabokosi, poti injini yochokera ku otomatiki siikhala nako. LQ4 ya 1999 ndi 2000 ili ndi crankshaft yotalikirapo kumbuyo, choncho flywheel ya zaka zina siikhala pamalo ake. Mzere wa crankshaft ndi wa difu (magiya ogawira mphamvu ku matayala akumbuyo) zilunjike mofanana, ndipo zolumikizira za propshaft zipindike digiri 1 mpaka 3. Zikapitirira, galimoto imanjenjemera pa liwiro. Propshaft imadutsa pafupi ndi ntchafu ya dalaivala, ndiye izungulitsidwe ndi chitsulo choigwira ikaduka. Difu ya 3.9 ndi yaifupi kwambiri, giya yoyamba imangopalasa matayala. Ya pafupi ndi 3.1 yokoka matayala onse awiri ndiyo yoyenera.

Pa zamadzi, ladiyeta imakhala yotsika kuposa mitu ya injini, choncho mpweya umatsekeredwa kumwamba. Timapaipi tating'ono tochotsa nthunzi pamitu musatitseke, tilumikizeni ku kathanki kamadzi kamene kakhale pamwamba pa zonse. Tsekaninso mipata ya m'mbali mwa ladiyeta kuti mphepo isazembe. Petulo afike pa 4 bar, ndipo pakhale kathanki kakang'ono kodyetsa pampu pokhota. Kompyuta ya injini ili ndi loko woletsa akuba wotchedwa VATS. Akapanda kuchotsedwa, injini imalira masekondi awiri n'kuzima. Onaninso ngati gudumu lowerengera kuzungulira kwa crankshaft lili la mano 24 kapena 58, chifukwa kompyuta ya lina siiwerenga linzake. Ekizozi italikirane ndi sitata, mawaya ndi mapaipi a mabuleki, ndipo pomwe mpata wachepa paikidwe chitsulo chotchinga kutentha.

Kwa amene sanagule zipangizo, tikuti asankhe galimoto imene inapangidwira V8 kuyambira pachiyambi, monga zotengera Cobra kapena Ultima. Ya mtundu wa Seven, imene Colin Chapman anayambitsa mu 1957, ubwino wake ndi kupepuka, ndipo buloko yachitsulo imauchotsa. Amene ayamba kale, pa ulendo woyamba aike geji yeniyeni ya oyilo, osadalira kanyali, ndipo aziiyang'ana pokhota kumanja ndi kumanzere. Muvi ukagwa ngakhale pang'ono, azimitse injini n'kubwerera ku sampu. Akatha makilomita 100 oyamba, amangenso mabawuti a miyendo ya injini ndi a propshaft, n'kuunika mowotcherera monse ngati mwayamba ming'alu.

Ndife,
Amakaniko okonza ndi kumanga galimoto