Kwa mwana wanga, asanasainire nyimbo zake

Mwana wanga wokondedwa,

Uthenga wako wafika, wonena kuti kampani ina ya kumeneko ku London ikufuna kugula nyimbo zitatu zimene unapekera kwaya yanu, ndipo idzakupatsa ndalama zonse pakamodzi ukangosaina kuti nyimbozo si zakonso. Amayi ako analulutira atamva kuchuluka kwa ndalamazo, koma ine nkhaniyi ndagona nayo masiku awiri, ndipo ndaona kuti ndikuuze za munthu wina amene anasainapo pepala lotere mumzinda womwe ukukhalawo.

Munthuyo ndi Samuel Coleridge-Taylor, amene anabadwira ku Holborn pa 15 Ogasiti 1875. Bambo ake anali dokotala wa ku Sierra Leone yemwe anabwerera kwawo mwanayo asanabadwe, kotero analeredwa ndi amayi ake achingelezi ku Croydon. Ali ndi zaka 15 analowa ku Royal College of Music kukaphunzira vayolini, kenako Charles Villiers Stanford anamuphunzitsa kupeka nyimbo. Luso lake silinabisike, moti mu 1898 katswiri wopeka nyimbo Edward Elgar atapemphedwa kupeka nyimbo ya chikondwerero cha makwaya ku Gloucester, ntchito zitamuchulukira, anauza eni chikondwererocho kuti apatse mwayiwo mnyamata wachikuda ameneyu.

Pa 11 Novembala chaka chomwecho, nyimbo yake yotchedwa Hiawatha's Wedding Feast inaimbidwa koyamba pasukulu yake ija, Stanford akutsogolera. Holo inadzaza mpaka ena kubwezedwa pakhomo. M'zaka zotsatira makwaya a m'dziko lonse la Britain ankaiimba, ndipo mabuku ake anagulidwa zikwi mazanamazana. Koma mwini nyimbo anali ataigulitsa kale kwa osindikiza a Novello pamtengo wa mapaundi 15 ndi mashileni 15. Ife amene tinagwirako mashileni kwacha isanabwere mu 1971 tikudziwa kuti kwa mnyamata wa zaka 23 ndalama imeneyi sinali yochepa, ndipo sindikumunena kuti anapusa. Anali wosowa, analibe womuunikira, ndipo sakanadziwa kuti nyimboyo idzayenda mtunda wotani. Iwenso lero sukudziwa kumene nyimbo zako zidzafike.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi moyo umene anakhala pambuyo pake. Anakwatira Jessie Walmisley mu 1899, anabereka ana awiri, ndipo pofuna kudyetsa banja anasenza ntchito za anthu atatu. Ankatsogolera kwaya ya Handel Society kuyambira mu 1904, ankaphunzitsa ku Trinity College of Music ndi ku Guildhall, ankayenda pasitima m'mizinda yakutali kukaweruza mipikisano ya makwaya, nthawi yotsalayo n'kumapeka nyimbo zatsopano. Ulemu anaulandira ndithu, pakuti anapita ku America katatu, mu 1904, 1906 ndi 1910, ndipo paulendo woyamba Pulezidenti Theodore Roosevelt anamulandira ku White House. Koma kumapeto kwa Ogasiti 1912 anagwa pasiteshoni ya West Croydon akudikira sitima, ndipo pa 1 Seputembala anamwalira ndi chibayo ali ndi zaka 37 zokha. Mkazi wake anatsala movutika mpaka Mfumu George V inavomereza kuti azilandira mapaundi 100 pachaka, pamene nyimbo ya mwamuna wake inkadzazabe maholo. Ngakhale m'zaka za m'ma 1930, anthu ankakhamukirabe ku Royal Albert Hall kukaionera Malcolm Sargent akutsogolera.

Ndikudziwa kuti undiyankha kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno, ndipo lendi ya ku London siidikira munthu. Kuthina kumeneko ndikukudziwa bwino. Ukumbukire chaka chimene unali Fomu 3, pamene ndinagulitsa chimanga chikadali chiwisi m'munda kuti ndikulipirire fizi. Wogulayo anabwera ndi ngolo mwezi wa Meyi, nakolola ine nditaima pamalire manja ali kumbuyo, ndikuwerenga matumba amene akanatifikitsa chaka china. Sindidandaula chifukwa unaphunzira, koma chimanga chimakololedwa kamodzi, pamene nyimbo imabala nthawi iliyonse imene yaimbidwa, ngakhale mwini wake atagona kale kumanda.

Tsono pempho langa ndi ili. Usasaine sabata ino ayi. Pepalalo ulipereke kwa loya wodziwa za umwini wa nyimbo kuti aliwerenge mzere ndi mzere, ngakhale zikutengere ndalama. Uwauze akampaniwo kuti uli wokonzeka kuwabwereka nyimbozo kwa zaka zowerengeka, iwe n'kumalandira gawo lako pa buku lililonse logulitsidwa, koma umwini ukhalebe m'manja mwako. Ulembetsenso ku Performing Right Society, bungwe limene limatolera ndalama za opeka nyimbo zawo zikaimbidwa, lomwe linakhazikitsidwa mu 1914, patangopita zaka ziwiri Coleridge-Taylor atamwalira, pamene umphawi wa banja lake unali ukadali pakamwa pa oimba anzake. Ngati nyimbozo zidzaulutsidwe kuno kumudzi, ine ndipita ku ofesi ya COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo kuno kwathu, kukafunsa ndondomeko yake.

Mlongo wako wandiuzanso kuti ukatuluka kuntchito umathamangira kukaphunzitsa makwaya awiri, n'kufika kunyumba pakati pa usiku, ndipo chifuwa chija sichinathe. Kwaya imodzi uisiye mpaka nyengo yozizira ithe, ndipo upite kuchipatala. Ukapeza tsiku lopuma, ukwere sitima upite ku Wallington, ku manda a Bandon Hill kumene anaikidwa, ukatijambulire mwala wa pamanda ake kuti amayi ako auone. Lamulungu tikatuluka m'tchalitchi tidzakhala pafupi ndi foni, ndipo udzandiwerengere pepala lonselo ndidzimvere ndekha.

Ndine bambo ako okukonda.