Kalata yotsekera teremu: za homuweki ya ana athu

Okondedwa makolo ndi nonse amene mukulera ana a pasukulu pano,

Landirani moni wanga ndi wa aphunzitsi onse. Teremu yatha, ndipo ana akubwera kunyumba ndi malipoti awo pamodzi ndi kalata ino. Zikomo kwambiri chifukwa chowadzutsa m'mawa uliwonse, kuwapezera makope ndi zolembera, komanso kubwera pamene tinakuitanani. Lipotilo muliwerenge muli pansi limodzi ndi mwanayo, ndipo muyambire pamene wachita bwino musanafike pamene walephera.

Kalatayi yatalikirapo chifukwa cha nkhani imodzi imene yafika ku ofesi kwanga kuposa ina iliyonse teremu ino, nkhani ya homuweki. Madandaulo ake akuchokera mbali ziwiri. Ena mukuti yachepa, mwana akangofika amaponya chikwama n'kuthamangira kosewera, nanga akhoza bwanji mayeso? Ena mukuti yanyanya, mwana akusinzira pa kope, tsiku lina kulira kumene, ndipo madzulo pakhomo pasanduka pokalipirana. Nonsenu mukulankhula chifukwa mumawafunira zabwino ana anu, choncho muyenera kumva bwinobwino maganizo anga ndi zimene tagwirizana ndi aphunzitsi.

Funso loti homuweki imathandizadi ana aang'ono lafufuzidwa kwa zaka zambiri. Mu 2006, Pulofesa Harris Cooper wa pa yunivesite ya Duke ku America, pamodzi ndi anzake awiri, anasonkhanitsa kafukufuku amene anachitika kuyambira 1987 mpaka 2003. Anapeza kuti pakati pa ana okulirapo, amene amathera nthawi yambiri pa homuweki kawirikawiri amakhozanso bwino. Koma kwa ana a makalasi 6 oyambirira, kuchuluka kwa nthawi ya homuweki kunalibe mgwirizano wooneka ndi kukhoza kwawo. Mu 2009, Pulofesa John Hattie wa ku New Zealand anayerekeza zinthu zambirimbiri zimene sukulu zimachita pofuna kukweza maphunziro. Pa muyeso wake, 0.40 ndiye phindu lapakatikati. Homuweki ya ku sekondale inapeza 0.64, pamene ya ku pulayimale inapeza 0.15 yokha. Kusiyana kwake n'kwakukulu, ndipo sitingachite ngati sitikukuona.

Kwa ife amene timakhala ndi anawa tsiku lonse, zimenezi sizidabwitsa. Mwana wa zaka 7 sangaike maganizo pa chinthu chimodzi kwa nthawi yaitali, makamaka atatopa kale ndi maphunziro a tsikulo. Phokoso lililonse limamusokoneza. Sanaphunzire kuwerenga payekha, kudzifunsa mafunso, kapena kuzindikira kuti apa ndalakwitsa. Choopsa kwambiri ndi chomalizachi. Mwana amene sanamvetse kuchotsera kobwereka m'kalasi, tikamupatsa masamu 20 okalembera kunyumba, abwereza cholakwa chomwecho maulendo 20 popanda womukonza, ndipo mawa lake chimakhala chitakhazikika m'mutu. Mphunzitsi amagwira ntchito ziwiri tsopano, kuzula cholakwikacho kenako n'kuphunzitsanso choyenera.

Ndikudziwa kuti ena munena kuti m'mera mpoyamba, mwana azolowere kulimbikira akadali wamng'ono. Ndikugwirizana nanu pa zimenezo. Koma mbewu yanthete mukaithirira madzi oyenera mtengo waukulu imawola mizu. Mwana amene waphunzira ali ndi zaka 8 kuti kope ndi chinthu chobweretsa misozi, tidzavutika naye kumukondetsa sukulu akadzafika zaka 14, pamene kuwerenga payekha kudzakhale kofunikadi.

Musamve ngati ndikuti homuweki ilibe ntchito. Kafukufuku yemwe uja wa a Cooper anaonetsanso kuti ntchito yaifupi yobwereza zimene ana aphunzira kale imawathandiza kukhoza mayeso a m'kalasi, ngakhale m'makalasi ang'onoang'ono. Kalekale mu 1885, Hermann Ebbinghaus wa ku Germany anaonetsa kuti munthu amaiwala msanga chinthu chatsopano, ndiponso kuti kubwereza pang'onopang'ono pa masiku osiyana kumachisunga m'mutu kuposa kuchipanikiza tsiku limodzi. Choncho masamu 5 lero, ena 5 mawa, ochokera pa phunziro limene mwana walimvetsa, ali ndi phindu. Chimene ndikukana ndi maganizo oti tsamba likadzaza ndiye kuti mwana waphunzira.

Tsopano tiyang'ane tsiku la mwana lonse, chifukwa ola limene homuweki yatenga limachoka penapake. Bungwe la akatswiri a za tulo la American Academy of Sleep Medicine linanena mu 2016 kuti mwana wa zaka 6 mpaka 12 amafunika kugona maola 9 mpaka 12 pa tsiku. Tulo ndi mbali ya kuphunzira, pakuti ubongo umakhazikitsa zimene mwana waphunzira masana pamene iye ali m'tulo. Mwana wosagona mokwanira ife timamudziwa akangolowa pakhomo la kalasi. Amayasamula, sachedwa kupsa mtima, amaiwala zimene wauzidwa kumene, ndipo nthawi zina timamutcha waulesi pamene vuto lake ndi tulo chabe. Bungwe la za umoyo padziko lonse la WHO limalangizanso kuti ana a zaka 5 mpaka 17 azithamanga, kudumpha ndi kusewera molimbitsa thupi mphindi zosachepera 60 tsiku lililonse. Ngakhale Pangano la Ufulu wa Ana limene bungwe la United Nations linavomereza mu 1989, pa ndime 31, limatchula kupuma ndi kusewera ngati ufulu wa mwana. Ndiye mukaona mwana wanu ali pamasewera ndi anzake, musamaone ngati nthawi ikutayika. Kumeneko akuphunzira kudikira nthawi yake, kugonja osamenya mnzake, kukangana n'kugwirizananso, zinthu zimene sitingazilembe pa bolodi. Onjezani kudya, kusamba, kuthandiza ntchito zapakhomo ndi ulendo wobwerera kuchokera kusukulu, muona nokha kuti nthawi yotsala si yambiri.

Chimene chimandipweteka mtima kwambiri ndi mtendere wa pakhomo. Kholo labwera lotopa, mwana watopa, ndipo pakati pawo pali funso limene onse awiri sakulimvetsa. Mawu amakwera, mwana amalira, ndipo kenako kholo kapena mkulu wake amangotenga pensulo n'kulemba yankho kuti nkhani ithe. M'mawa mphunzitsi amachonga zonse kuti zakhoza, n'kupitirira ku phunziro lina poganiza kuti mwanayo wamvetsa. Palibe amene wapindula. Ofufuza a pa yunivesite ya Chicago anafalitsa mu 2015 zotsatira zimene ndikufuna muzimve. Anatsatira ana a makalasi awiri oyambirira, ndipo anapeza kuti ana a makolo amene amaopa masamu, ngati makolowo ankawathandiza homuweki ya masamu pafupipafupi, anaphunzira masamu ochepa pa chaka ndipo nawonso anayamba kuwaopa. Pamene makolo oterewa sankathandiza kawirikawiri, vutoli silinaoneke. Mantha amapatsirana. Choncho ndikupempheni, mawu akuti "masamu ngovuta, inenso ankandikanika" musamawanene pamaso pa mwana, ngakhale mukuwanena pofuna kumutonthoza.

Palinso nkhani ya chilungamo. M'kalasi ana onse ali ndi mphunzitsi mmodzi ndi bolodi imodzi. Belu likalira amabwerera ku makomo osiyana. Wina akapeza tebulo, kuwala kokwanira ndi munthu womufotokozera. Wina akapeza ang'ono ake oti awalere, phokoso, ndi mdima ukangogwa. Tikamalanga wachiwiriyu chifukwa sanamalize, kapena tikamawerengera homuweki pa malikisi a pa lipoti, ndiye kuti tikuyesa khomo limene mwana akuchokera, pamene ife tinapatsidwa ntchito yoyesa zimene mwanayo waphunzira. Zimenezi sindingazilole pasukulu pano.

Mayiko ena anafika poikapo malamulo. Ku France homuweki yolemba inaletsedwa m'sukulu za pulayimale kuyambira 1956, ngakhale aphunzitsi ambiri kumeneko amaperekabe. Dziko la China, limene limadziwika ndi mpikisano waukulu pa mayeso, linalamula mu 2021 kuti ana a makalasi 1 ndi 2 asamapatsidwe homuweki yolemba, ndipo a makalasi 3 mpaka 6 isamapitirire mphindi 60. Dziko la Poland nalonso linachotsa homuweki yokakamiza m'sukulu za pulayimale mu 2024. Ife sitithetseratu, koma tiika malire omveka.

Kuyambira teremu ikubwerayi titsatira muyeso umene a Cooper amalimbikitsa, wa mphindi 10 pa kalasi iliyonse. Mwana wa Sitandade 1 asapitirire mphindi 10 pa tsiku, wa Sitandade 3 mphindi 30, wa Sitandade 6 mphindi 60, maphunziro onse kuphatikiza pamodzi. Amenewa ndi malire, ndipo masiku ambiri ntchito izikhala yocheperapo. A Sitandade 7 ndi 8 ayandikira msinkhu umene kuwerenga pawekha kumayamba kupindulitsa, choncho iwo azipatsidwa yokwanira, koma aphunzitsi awo azikambirana kuti asaunjike ntchito tsiku limodzi. Ana a Sitandade 1 ndi 2 ntchito yawo yaikulu ikhala kuwerenga mokweza ndi kuwerengera zinthu. Palibe mphunzitsi amene adzatumize kunyumba phunziro limene sanaphunzitse m'kalasi. Chilichonse chimene mwana walemba chiyenera kuonedwa ndi kukambidwa, chifukwa ntchito yosachongedwa imaphunzitsa mwana kuti khama lake palibe akuliona. Ndipo homuweki sidzaperekedwanso ngati chilango.

Inu mbali yanu ndi iyi. Mupezereni mwana malo ndi nthawi yodziwika, atapuma ndi kudya kaye, wailesi, TV ndi foni zili kutali. Nthawi yake ikakwana iye atalimbikira koma sanamalize, mutsekereni kope, ndipo mulembe mawu ochepa m'munsi, monga akuti "wayesetsa koma apa sanamvetse", kapena mumutume akanene kwa aphunzitsi. Sadzalangidwa. Kope lokhala ndi zolakwa za mwana mwiniwake limatithandiza kwambiri kuposa loyera lolembedwa ndi dzanja la wamkulu, chifukwa limatiuza pamene tibwerezenso. Ngati kusamaliza kukuchitika kawirikawiri, bwerani tikambirane msanga. Nthawi zina chimakhala chizindikiro choti mwanayo akuvutika kuona, kumva kapena kuwerenga, ndipo zoterezi zikadziwika msanga thandizo lake limapezeka.

Ndilankhule padera ndi inu amene mumati, "Ine sukulu sindinapite nayo patali, ndingamuthandize chiyani?" Agogo, azakhali, amalume ndi nonse amene mwatenga ana m'manja mwanu, thandizo lanu ndi lalikulu kuposa mmene mukuganizira. Khalani naye pansi, mumuuze akuwerengereni mokweza, inu muzimvetsera. Mufunseni kuti nkhaniyo ikuti chiyani, munthu wa m'nkhaniyo anachitiranji zimenezo, iyeyo akanatani. Mufunseni akuphunzitseni zimene waphunzira lero. Mwana akamafotokozera munthu wina, amazindikira yekha pamene wamvetsa ndi pamene pali mpata, ndipo amanyadira kuti wamkulu akumumvera. Pa zonse zimene ndatchula m'kalata muno, kuwerenga tsiku ndi tsiku ndi kumene ndikukulimbikitsani kwambiri, chifukwa mwana wowerenga bwino savutika kumva funso la masamu, la sayansi kapena la phunziro lina lililonse. Nthano zimene mumawafotokozera nazonso zimawonjezera mawu m'mutu mwawo ndi kuwazoloweza kutsatira nkhani kuyambira poyamba mpaka pamapeto.

Amene mumatumiza ana ku makalasi owonjezera akaweruka, chonde muwerengere nthawi imeneyo pamodzi ndi ya homuweki, ndipo muyang'ane nthawi imene mwana akukagona.

Pa tchuthi chino ana a Sitandade 1 mpaka 6 sitinawapatse ntchito yolemba. Tikupempha kuti aziwerenga kanthu tsiku lililonse, kaya buku la kusukulu, la nthano, nyuzipepala kapena china chilichonse choyenera msinkhu wawo. A Sitandade 7 ndi 8 ali ndi ntchito yochepa yobwereza, ndipo ndibwino aigawe m'masiku angapo m'malo moilemba yonse usiku woti mawa akutsegulira. Mabuku a sukulu amene ana atenga asamalidwe ndipo abwere nawo tsiku lotsegulira.

Sabata yachiwiri ya teremu ikubwerayi tidzakuitanani ku msonkhano wa makolo ndi aphunzitsi, ndipo nkhani ya homuweki idzakhala yoyamba. Amene simukugwirizana ndi zimene ndalembazi ndinu amene ndikufunitsitsa mudzabwere, mudzalankhule momasuka. Pakutha pa teremuyo tidzaonanso pamodzi makope ndi zotsatira za ana, kuti tidziwe pamene pakufunika kukonza.

Ndikufunirani tchuthi chabwino inu ndi ana onse.

Ine wanu pa ntchito yolera ana athu,

Mphunzitsi Wamkulu