Mwana wanga, bwera udzagone

Wokondedwa mwana wanga,

Kuno ku Ntcheu tadzuka bwino, bondo lija lokha ndi limene likundivutabe kukazizira. Mng'ono wako anafika Lachiwiri madzulo, ndipo shuga ndi mafuta zimene unamupatsira talandira. Usamukalipire pa zimene ndilembe pano. Sanabwere kudzakunenera ayi, ndinachita kumupanikiza ine nditaona kuti ndikafunsa za iwe akuyang'ana pansi.

Akuti ukaweruka naiti kuchipatala umangolowa kuchipinda n'kukhoma, nsima imene wakusungira imafika madzulo osaivundukula. Akuti tulo sulupeza popanda timapilitsi timene umasunga m'thumba la yunifomu, ndipo masiku ena umatsitsira ndi botolo. Zimenezo zandiopsa. Koma chimene chinayamba kundisowetsa mtendere ndi foni yathu ya mwezi watha. Unati, "Usiku wathawu tataya anayi," kenaka n'kundifunsa mtengo wa feteleza, mawu ake osasintha ngakhale pang'ono. Ndinangoti zii. Kalankhulidwe kameneko ndimakadziwa, kanatulukapo pakamwa panga.

Mu 2001 unali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, sindikudziwa ngati ukukumbuka. Ma ARV aulere anadzabwera mu 2004, ndiye nthawi imeneyo ife anamwino tinalibe chowapatsa odwala Edzi kupatula panado, bakitirimu ndi mawu. Wodi ya amayi inali yodzaza, ena pabedi, ena pa mphasa kunsi kwa bedi. Usiku wina anamwalira mtsikana amene ndinamusambitsa ndekha kwa milungu itatu. Ndikumufunditsa nsalu kumaso, chimene chinabwera m'mutu mwanga n'chakuti bedi yapezeka. Basi. Ndinasamba m'manja n'kukamwa tiyi. Kutacha ndikufika kunyumba, iwe unandithamangira ukulira, utadzipweteka pabondo, ine n'kukukankha: "Ukulira chiyani iwe, anthu akufa uko!" Agogo ako anakunyamula, ndipo madzulo anandiitanira kuseri kwa nkhokwe n'kundifunsa kuti, "Mtima wako wausiya kuti?" Ndinalibe yankho. Chilonda cha pabondo pako chinapola sabata yomweyo, koma ine mpaka lero ndimachiona.

Ndiye ndikamalankhula, usamati amayi sakudziwa za m'wodi. Chikhatho cha mlimi chimayamba ndi matuza, kenaka khungu limauma, mpini osaumvanso. Mtima wa namwino umateronso, umauma kuti ntchito itheke. Vuto lake n'lakuti chikhatho chimenecho ukasisita nacho tsaya la mwana wako sichimvanso kanthu. Ine ndinkaganiza kuti ndasanduka munthu woipa. Ndinali wotopa, kutopa kumene sikutha ndi tulo ta usiku umodzi.

Ndipo iwe unapuma liti? Ntchito unayamba mu 2019. Mu April 2020 Covid inalowa, ndipo ukukumbuka kondakitala uja anakutsitsa mu minibasi ataona yunifomu. January 2021 munkathamanga ndi masilinda a okisijeni, nduna ziwiri zinamwalira tsiku limodzi, mpaka bwalo la Bingu linasanduka chipatala. Musanapume, kolera ya 2022 ndi 2023 inabwera n'kutenga anthu oposa 1,700, iwe uli m'matenti, manja atasupuka ndi kolorini. Ukabwera kuno nthawi imeneyo unkanunkha mankhwala ngakhale utasamba, koma unkandifotokozera odwala ako mmodzimmodzi, ena n'kuwalirira. Pano umangowawerenga.

Tsopano ndikukalipire. Azakhali ako a ku Kawale anamva kwa mnzawo wa ku mvano kuti unazazira gadiyani amene anabwera kudzakuuza kuti dilipi yatha. Akuti unati, "Kodi nesi ndine ndekha pano?" Mwina unalidi wekha, ndikudziwa mmene zimakhalira usiku, wodi yonse anthu awiri, magolovesi ochita kuwerenga. Koma mayi ameneyo akugona pasimenti, mwina anagulitsa nkhuku kuti apeze thiransipoti, ndipo amene wagona pabediyo ndi mwana wake. Sindinakulere choncho. Ndiwe amene unkabisa nkhuku yothyoka mwendo m'khitchini kuti abambo ako asaiphe. Ukamuonanso mayiyo, umupepese. Sizichotsa ulemu wako.

Za lokamu, leka. Ndikubwereza, leka. Masiku ako opuma ndi opuma, osati okagwiranso naiti kuchipatala china. Ndikudziwa chimene ukuchitira zimenezi, ndipo apa wolakwa ndine. Ndinakuuza za fizi ya mlongo wako, ndinakuuza za malata, ndinazolowera kuti pakavuta timaimbira iwe. Fiziyo tiona, kachewere chaka chino wachita bwino ndipo mbuzi ziwiri zija zikhoza kupita. Malata adikire, nyumba sinagwe. Malume ako ndawauza kale kuti asiye kukuimbira mwezi ukatha, anyanyala koma adzazolowera.

Za mapilitsiwo, iwe ukudziwa kuposa ine chimene dayazepamu amachita akakumana ndi mowa: kupuma kumatsika munthu ali m'tulo, ndipo amene wakhoma chitseko palibe womuona. Sindikufunsa kumene ukuwatenga. Ndingokukumbutsa kuti kabati ya mankhwala ili ndi buku lake, ndipo a Nurses and Midwives Council akalanda chiphaso zaka zonse zija za sukulu zapita. Ndinagwirapo ntchito ndi mnyamata wina wa ku fiyeta, wanzeru, waulemu, amene anayamba chimodzimodzi, kamodzi kokha kuti agone. Tinakamuika kwawo asanakwanitse zaka 35. Usangowasiya mwadzidzidzi wekha, ukudziwa kuopsa kwake, pita kwa dokotala amene umamukhulupirira umuuze zoona.

Ine chinandithandiza ndi sisitala wina wachikulire, Mulungu awuse mzimu wake. Tikaweruka ankandikokera kuseri kochapira, tikhale pa benchi, n'kunena kuti, "Tatchula amene apita lero." Tinkawatchula mayina, osati manambala a bedi. Tsiku loyamba sindinamve kanthu. Patatha mwina mwezi ndinalira mpaka kusanza, ndipo usiku umenewo ndinagona. Iwe uli naye ndani woti ukhale naye pa benchi? Anzako a m'wodi nawonso mwina akubisa zomwezo, aliyense kuopa kuoneka wofooka. Ngati palibe, a St John of God ali ku Lilongwe komweko ndipo ali ndi aphungu. Ndikudziwa uyankha kuti anthu adzati wayamba za ku Zomba. Alekeni anene. Odwala ako umawatumiza komweko osachita manyazi, nanga iwe thupi lako ndi la chitsulo?

Kutchalitchi akuti unasiya. Sindikukakamiza, ine ndikukupempherera m'mawa uliwonse, koma pemphero silinalowepo m'malo mwa tulo ndi chakudya. Idya, mwana wanga. Ngakhale phala.

Pita kwa ametironi ukapemphe tchuthi chako, ndi ufulu wako, usachite kunyengerera ngati ukupempha ngongole. Akakuuza kuti anthu ndi ochepa, uwayankhe mwaulemu kuti ukagwa adzachepa kuposa pamenepo. Wodi imeneyo inalipo usanabadwe. Ndipo leka lokamu, ndanena kachitatu.

Ukabwera usanyamule kanthu, ngakhale sopo. Chipinda chako ndachotsamo matumba a chimanga, bulangete lako lofiira lija ndachapa. Ndidzakuphikira nkhwani wotendera ndi nsima ya mgaiwa, foni yako ndidzasunga ine m'chikwama changa. Anthu akadzamva kuti anesi abwera adzayamba kufika ndi mabuku awo a kuchipatala, ukuwadziwa. Amenewo ndidzathana nawo ine pakhonde, BP ndimathabe kuyeza. Iwe udzagone. Undiuze tsiku, mlongo wako adzakuchingamire pa siteji.

Ndine,
Mayi ako