Lipoti la msonkhano wa omwe anaphunzira zamalamulo ku Chancellor College

A Wapampando ndi mamembala nonse,

Ndabwerako ku Zomba komwe nthambi yathu inandituma, ndipo malisiti a thiransipoti ndi malo ogona ndawapereka kale kwa msungichuma. Chigawo cham'mawa chinali cha malipoti a chuma ndi kukonza malamulo a bungwe. Zonse zinadutsa popanda mtsutso.

Chimene chinandigwira mtima ndi cha masana, pamene ankawerenga mbiri ya anzathu amene anatuluka pakhomo lomwe lija n'kukafika patali. Anayamba ndi mayi Anastasia Msosa, amene anatsogolera bungwe loyendetsa chisankho cha 1994, kenaka mu 2013 n'kukhala mayi woyamba kukhala mkulu wa makhothi onse m'dziko muno. Anatchulanso mayi Tujilane Chizumila, amene mu 2017 anasankhidwa kukhala jaji wa khothi la Africa loona za ufulu wa anthu ku Arusha, mayi Martha Chizuma omwe anachoka ku ofesi ya Ombudsman mu 2021 kukatsogolera bungwe lothana ndi katangale la ACB, ndi Pulofesa Danwood Chirwa amene anakafika pokhala mkulu wa sukulu ya zamalamulo ku University of Cape Town. Atafika pa chigamulo cha pa 3 February 2020, chimene chinathetsa zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 2019 ndi kubweretsera majaji asanu amene anachipereka mphoto ya bungwe la ku Britain la Chatham House, m'holo monse munali m'manja mokhamokha. Ophunzira achaka chomaliza omwe anakhala kumbuyo kwanga ankalemba maina aja m'makope mwawo. Pamenepo ndinaona kuti ulendowu sunapite pachabe.

Msonkhano unagwirizana kuti nthambi iliyonse izitumiza nkhani za mamembala ake: amene akwezedwa, amene alemba mabuku, amene alowa ubwana. Ine ndinavomera, koma ndinaimirira n'kufunsa kuti kodi loya wa Legal Aid, ofesi yoimira osauka pa milandu, amene watulutsa pa belo munthu woti wakhala pa rimandi miyezi yambirimbiri, dzina lake lilowa pati? Malamulo aakulu a dziko lino amati womangidwa aonekere kukhothi pasanathe maola 48. Amene amamenyera lamulo limeneli tsiku ndi tsiku, mafayilo ali m'khwapa kudikira majisitireti, sakwezedwa kawirikawiri ndipo nyuzipepala siziwadziwa. Mndandanda ukamangokhala wa majaji ndi mapulofesa, ana aja aphunzirapo kuti ntchito ya osauka ndi ya olephera. Mfundoyi inalembedwa, koma sanaivotere.

Ife tingatumize ndani? Chaka chatha tinagwirizana zoti aliyense atenge wophunzira mmodzi kumuphunzitsa ntchito pa holide. Amene tinachita zimenezi sitikwana ndi zala za dzanja limodzi. Ena mwa ife achinyamata ali m'maofesi mwathu, akulemba zikalata mpaka usiku, koma ya minibasi yokha amachita kupempha. Ndinaidandaula nkhaniyi pamsonkhano wathu wapitawu, munati tidzakambirana, ndipo mpaka lero siinalowe pa ajenda. Amene ankang'ung'udza za alawansi yanga ndi omwewonso amene sanapereke zopereka za chaka chino.

Za kusintha maphunziro a digiri anangokhudzako pang'ono, komiti idzabweretsa lipoti.

Ndikupempha kuti pamsonkhano ukubwerawu tisankhe maina otumiza, ndipo limodzi mwa iwo likhale la mnzathu wa ku Legal Aid. Nkhani ya malipiro a achinyamata ikhale yoyamba pa ajenda.

Ine nthumwi yanu.