Kwa mwana wanga amene wapatsidwa malo osakako akalulu ku Lincolnshire, ku England

Mwana wanga,

Amayi ako andiuza kuti mlimi uja wakulola kuti uzikaombera akalulu pa famu yake kumapeto kwa sabata, ndipo akuti mfuti ya mpweya wagula kale. Ndakondwa nazo. Koma pafoni umathamanga, choncho ndati ndilembe kuti uwerenge utakhala pansi.

Amene wakulola ndi munthu mmodzi, koma amene adzakuona ndi mudzi wonse. Kwathu mlenje amadziwika ndi aliyense, agalu ake omwe anthu amawatchula maina. Kumeneko ndiwe mlendo, munthu wakuda, woyenda m'mbali mwa mpanda dzuwa litapendeka, utanyamula chinthu chimene patali sichisiyana ndi mfuti yophera gwape. Mayi amene akuyenda ndi galu wake sadzaganiza za akalulu ayi, adzangoimba 999, nambala ya apolisi ya nkhani zadzidzidzi. Ndiye ntchito yako yaikulu ndi yoti anthu akudziwe asanaione mfutiyo.

Yamba ndi pepala. Chilolezo cha pakamwa chimatha tsiku limene mlimi wapita kumsika wa ng'ombe ndipo foni yake sikupezeka. Lemba wekha kalata yaifupi ya Chingerezi kuti iye angosaina: dzina lako ndi adiresi, dzina lake ndi nambala ya foni, dzina la famu, nyama zimene wakulola kupha, mtundu wa mfuti, ngati ukuloledwa usiku, ngati ungabwere ndi mnzako, komanso tsiku. Kuseri kwake umate mapu. Gula mapu a Ordnance Survey a mtundu wa Explorer, a 1:25,000, chifukwa amaonetsa mpanda wa munda uliwonse, ndipo njira zimene anthu onse ali ndi ufulu wodutsamo zimalembedwa ndi timizere tobiriwira toduladula. Mlimiyo ajambule malire ndi cholembera chofiira ndi dzanja lake, kenako umupemphe kuti muyende limodzi ndi mapazi. Pamapu ngalande ndi mzere chabe, koma pansi uyenera kudziwa ngati malire ali tsidya lino kapena tsidya ilo. Kope imodzi ikhale m'thumba la jekete mu pulasitiki, ina m'galimoto, ndipo uijambulenso pafoni.

Umufunsenso funso limene ambiri amachita nalo manyazi: kodi malowa ndi ake kapena amachita lendi, nanga ufulu wosaka uli m'manja mwa ndani? Ku England nkotheka munda kulimidwa ndi munthu wina pomwe ufulu woombera uli wa mwini esiteti, kapena unagulitsidwa kwa gulu limene limaweta mbalame za pheasant. Zikakhala choncho pali mlonda wa nyama, amene iwo amati gamekeeper, ndipo ameneyo ndiye woyamba kukamupatsa moni. Nyengo yoombera pheasant imayamba pa 1 October kufika pa 1 February, ndipo miyezi imeneyo safuna munthu pafupi ndi nkhalango zake. Safunsa anadya phula.

Malamulo ake si ambiri, koma saseka. Kwa apolisi mfuti ya mpweya ndi mfuti basi. Ku England ndi ku Wales sifuna laisensi ngati mphamvu yake sipitirira ma foot-pound 12. Ikapitirira ngakhale pang'ono, wasunga mfuti popanda chiphaso, mlandu wa ndende. Mphamvuyo imasintha malinga ndi kulemera kwa tizipolopolo, choncho pita nayo kusitolo ya mfuti akaiyeze pa makina otchedwa chronograph ndi mitundu iwiri kapena itatu ya tizipolopolo, ndipo ikhale cha pa 11.5 kutsika. Ukafuna kupita nayo ku Scotland dziwa kuti kumeneko kuyambira pa 31 December 2016 mfuti ya mpweya imafuna chiphaso. Kulowa m'munda wa munthu wosakulola uli ndi mfuti, ngakhale ilibe chipolopolo, ndi mlandu pansi pa Firearms Act ya 1968, ndipo ukhoza kukhala m'ndende miyezi itatu. Chipolopolo chako chikawoloka malire n'kugwera kwa mnansi, umenewo ndi mlandu winanso. Pomaliza pali Highways Act ya 1980: ukaombera uli mkati mwa mafiti 50, pafupifupi mamita 15, kuchokera pakati pa msewu wa galimoto, ndipo wodutsa n'kuvulala, kusokonezedwa kapena kuikidwa pangozi, walakwa. Hatchi ikangodzidzimuka ndi phokoso lako, wokwerayo wasokonezedwa kale.

Lowa m'bungwe la osaka ndi mfuti la BASC usanaombere n'kamodzi komwe. Umembala wake umabwera ndi inshulansi yolipira ukavulaza munthu kapena kuwononga katundu, yofika mapaundi 10 miliyoni, ndipo khadi lake limafewetsa nkhope za alimi ndi apolisi omwe.

Tsopano anansi. Usafulumire kuwaweruza, chifukwa mantha awo ali ndi pochokera. Minda ya ku Lincolnshire ndi yafulati, ndipo kukolola kukatha kumabwera magulu a anthu othamangitsa akalulu aakulu ndi agalu pobetcherana ndalama. Zimenezi zinaletsedwa ndi Hunting Act ya 2004, koma amabwerabe, kuthyola mageti, kuponda mbewu ndi magalimoto, ndi kuopseza alimi. Onjezapo akuba dizilo, njinga zamoto za mateyala anayi ndi zipangizo za GPS za pa mathirakitala. Nchifukwa chake alimi ali ndi magulu a WhatsApp, ndipo galimoto yachilendo ikaima pageti nambala yake imazungulira mudzi wonse mphindi zochepa. Ena, tisanamizane, adzakukayikira chifukwa cha khungu lokha. Awo sungawasinthe mtima, koma ukhoza kuwalanda chonena.

Chita motere. Mupemphe mlimi wako alembe pagulu lawolo kuti wakulola, atchule dzina lako, mtundu wa galimoto ndi nambala yake. Mawu ake amalemera kuposa ako kakhumi. Kenako sankha masana ena, uvale zovala wamba, mfuti uisiye kunyumba, ugogode pa nyumba zitatu kapena zinayi zoyandikana ndi mundawo. Mlimiyo akakuperekeza ndiye bwino koposa. Usatalikitse nkhani. Nena dzina lako, amene wakutuma, masiku amene uzibwera, ndi kuti mfuti yako ndi ya mpweya yophera akalulu. Siya nambala ya foni pa kapepala, ndipo ufunse ngati ali ndi amphaka, mahatchi kapena ana amene amasewera kumpanda. Funso limenelo limatsegula anthu kuposa chilichonse, chifukwa chimene amaopa kwenikweni ndi mphaka wawo kubwera kunyumba ali ndi chipolopolo m'nthiti. Oweta mahatchi kawirikawiri amadana ndi mauna a akalulu chifukwa hatchi imathyoka mwendo ikapondamo, ndiye usadabwe wina akakupempha kuti ubwerenso kwake. Akatero, nayenso asaine pepala.

Galimoto uziimika pabwalo la famu pomwe, poonekera. Kuibisa m'tchire n'kudzipangira mbiri ya wakuba. Mfuti iziyenda m'buti, m'thumba lake lotseka, yopanda chipolopolo, magazini, kosungiramo zipolopolo kaja, ali padera, ndipo usaitulutse m'thumbamo mpaka utalowa m'munda umene uli mkati mwa mzere wofiira uja. Zovala zamawangamawanga ngati za asilikali ndi nsalu yophimba kumaso zisiye kaye. Jekete yobiriwira kapena yofiirira ikwana, poti kalulu amathawa kugwedezeka ndi fungo kuposa mtundu wa malaya. Zosaka usiku ndi tochi zidikire mpaka anthu atakuzolowera. Kuwala koyendayenda m'munda pakati pa usiku ndi chizindikiro chenicheni cha opha nyama mozemba.

Usananyamuke imba 101, nambala ya apolisi ya nkhani zosafulumira. Uwauze dzina, famu, nambala ya galimoto, nthawi yoyamba ndi yomaliza, ndipo upemphe nambala imene alembera nkhaniyo, uilembe kuseri kwa dzanja kapena pa pepala lako lija. Lamulo silikukakamiza kutero, komanso sizitanthauza kuti sangabwere munthu akaimba. Koma akabwera amakhala akudziwa kale kuti pamalopo pali munthu wololedwa.

Poombera, diso lako liyambe laona chimene chili kuseri kwa kalulu. Chitunda cha dothi lofewa ndicho chabwino. Mpanda wa zitsamba suimitsa chipolopolo, umangokubisira munthu amene ali kuseri kwake. Madzi, miyala, konkire ndi nthaka youma ndi chisanu zimanjanjitsa chipolopolo n'kuchitumiza kumene sunafune. Choomberedwa m'mwamba chikhoza kuuluka mamita 300 kapena kuposa, ndiye kalulu amene wakhala pamwamba pa chitunda, kumbuyo kwake kuli thambo lokha, musiye adye. Mfuti ya mphamvu imeneyi imapha bwino mpaka mamita 30 kapena 35, ndipo polasa ndi pamutu, kuseri kwa diso pang'ono, m'munsi mwa khutu. Malo ake ndi aang'ono ngati kandalama ka 2p. Usanayandikire nyama yamoyo, yeserera pa pepala mpaka zipolopolo zisanu zizigwera m'kabwalo kotero, utakhala mmene udzakhalire kumunda. Wolasidwa pamimba amathawira kuuna n'kukafera komweko, kapena amakwawira m'munda wa maluwa wa mnansi, ndipo mawa lake chilolezo chako chatha. Pachifukwa chomwecho usaombere kalulu amene ali pafupi ndi malire. Ngakhale wolasidwa bwino amaphiriphitha, ndipo akagwera tsidya linalo sungamutole popanda kupempha.

Ukaona munthu panjira ya timizere tobiriwira ija, leka zonse. Ali ndi ufulu wodutsa ngakhale pakati pa tirigu. Loza mfuti pansi, umupatse moni iwe poyamba, udikire apite kutali.

Wina akabwera atakwiya, apa ndiye pofunika mutu. Chotsa magazini, tseka loko wa mfuti, uigoneke pansi italoza kumbali, usunthe mapazi awiri, manja ako azioneka. Vula chipewa kuti aone nkhope. Tchula dzina la mlimi msanga, umuonetse pepala, umuuze kuti akhoza kumuimbira pomwepo. Usakangane ndi munthu mfuti ili m'manja, ngakhale italoza pansi, ngakhale iye ndiye wolakwa. Lamulo lomwe lija la 1968 lili ndi mlandu wokhala ndi mfuti ndi cholinga choopseza munthu, chilango chake chimafika zaka 10, ndipo kuti uyambe kufufuzidwa zimangofunika iye anene kuti unamulozera. Kumundako mboni kulibe. Akapitiriza kukalipa, longedza, uchoke, umuimbire mlimi uli m'galimoto. Anthuwo akhala moyandikana zaka zambiri, mwina ali ndi mkangano wawo wakale wa malire umene iwe sukuudziwa, ndipo wouthetsa ndi iwowo. Ukafika kunyumba lemba tsiku, nthawi ndi mawu amene ananena. Ngati anakunyoza chifukwa cha khungu, kanene ku 101 mtima utatsika, chifukwa apolisi amalemba nkhani zotere m'gulu la milandu ya chidani.

Akabwera apolisi, yembekezera kuti akhoza kukhala a mfuti, poti nkhani ya munthu wonyamula mfuti ndi imene amawatumizira amenewo. Ukangoona galimoto yawo, mfuti pansi, iwe patali nayo, manja poyera. Usathamange kukawachingamira, ndipo usapise dzanja m'thumba kufuna pepala. Uwauze ndi pakamwa thumba limene lili, iwo akuuze chochita. Ali ndi mphamvu yoitenga mfutiyo kuti aione, apatse. Ukali wawo wa mphindi zoyambirira usakupweteke mtima.

Ipha zokhazo zimene zalembedwa pa pepala. Akalulu a m'mauna alibe nyengo yoletsedwa. Wamkulu uja wa miyendo yaitali ndi makutu akuda kunsonga, amene amati hare, musiye. Gologolo wotuwa amaloledwa, wofiira ndi wotetezedwa. Mbalame zonse zakutchire zimatetezedwa ndi Wildlife and Countryside Act ya 1981, ndipo njiwa zazikulu zotchedwa woodpigeon zimaphedwa pansi pa chilolezo cha boma cha GL42, chimene cholinga chake ndi kuteteza mbewu. Uchiwerenge pa intaneti, poti chimasinthidwa nthawi ndi nthawi. Woodpigeon ili ndi banga loyera pakhosi ndi mzere woyera pa phiko. Pali ina yocheperapo yopanda zoyerazo, stock dove, imeneyo usaikhudze. Ukaona una waukulu, wotambalala kuposa kutalika kwake, pakhomo pali mulu wa dothi ndi udzu wouma, ndi wa badger, nyama yonga chiuli. Ili ndi lamulo lakelake la 1992, ndipo ngakhale kusokoneza una wake ndi mlandu.

Kalulu ukamutola, mugwire mutu uli m'mwamba, ufinye m'munsi mwa mimba ndi chala chachikulu kuti mkodzo utuluke, apo ayi nyama imanunkha. Mutumbule asanazizire, makamaka m'chilimwe. Chiwindi chikakhala ndi timadontho toyera, kapena maso atatupa ndi mafinya chifukwa cha nthenda ya myxomatosis, ameneyo asalowe mumphika. Matumbo ukwirire kapena upite nawo. Ukawasiya pafupi ndi njira, galu wa mnansi adzagubuduzikamo, ndipo mwini wake sadzaiwala amene anawasiya. Geti ulisiye mmene walipezera, lotseka kapena lotsegula, ndipo miyezi ya March ndi April nkhosa zikamaswa ufunse minda yoti usalowemo.

Kwathu mlenje sadutsa pakhomo pa mfumu osasiya mwendo. Mufunse mlimiyo ngati amadya akalulu, ndipo akavomera uzimupatsa awiri osendasenda, otsuka bwino. Ukaona waya woduka, nkhosa yogona chagada kapena mapazi a galimoto yachilendo, mutumizire uthenga nthawi yomweyo. Pa Khirisimasi usapite chimanjamanja.

Amayi ako akuti mfutiyo uziikhomera pomwe ana sangafike, ndipo akunena zoona, lamulonso limafuna zomwezo m'nyumba mmene muli osakwana zaka 18. Akutinso ukabwera ubwere ndi akalulu atatu, nsinjiro zilipo. Ulonjere apongozi athu ndi adzukulu.

Ndine,
Bambo ako