Usyk adzapambananso Fury pa 21 Disembala

A Mkonzi,

Ndiloleni ndipereke maganizo anga kudzera m'nyuzipepala yanu pa nkhonya yachibwereza ya pakati pa Oleksandr Usyk wa ku Ukraine ndi Tyson Fury wa ku Britain, imene idzachitikire mumzinda wa Riyadh ku Saudi Arabia pa 21 Disembala 2024. Kuno ku Salima nkhaniyi ili m'kamwam'kamwa, kuyambira kwa anyamata a kabaza pa Kamuzu Road mpaka kwa asodzi amene amasoka maukonde awo ku Senga Bay, ndipo ambiri mwa amene ndakambirana nawo ali mbali ya Fury. Ine ndikuti Usyk adzapambananso, ndipo adzapambana pa mapointi maraundi onse 12 atatha.

Anzangawa amayambira pa thupi. N'zoona kuti Fury ndi chimphona chotalika mamita 2.06 pamene Usyk ndi wa mamita 1.91, ndipo pa nkhonya yawo yoyamba ya pa 18 Meyi 2024 Fury ankalemera makilogalamu pafupifupi 119 pamene mnzakeyo anali ndi pafupifupi 101. Koma kusiyana konseku kunalipo kale usiku umenewo, ndipo ife amene tinachezera m'nyumba yoonetsera kanema tinaona ndi maso athu kuti wamng'onoyo ndi amene ankathamangitsa wamkulu. Sindikukana kuti pakatikati pa nkhonyayo Fury anachita bwino kwambiri, makamaka m'raundi yachisanu ndi chimodzi pamene chibakera chake chochokera pansi chinagwedeza Usyk. Chimene chinandigwira mtima n'chakuti Usyk sanasokonezeke. Anapitiriza kuyandikira, kumenya m'mimba ndi kusuntha mapazi mosapuma, mpaka m'raundi yachisanu ndi chinayi anamupeza Fury ndi dzanja lamanzere, ndipo chimphona chija chinadzandira kuchoka ngodya ina kupita ina. Zingwe za bwalo ndi zimene zinamugwira kuti asagwe, woyimbira anamuwerengera, kenako belu linamupulumutsa. Oweruza awiri anapereka chipambano kwa Usyk ndipo mmodzi anapereka kwa Fury, motero Usyk anakhala munthu woyamba wa gulu la olemera kwambiri kusonkhanitsa malamba onse akuluakulu chichitireni zimenezi Lennox Lewis mu 1999.

Mfundo yamphamvu ya otsatira Fury ndi yakuti munthuyu amadziwa kukonza zolakwika zake. Amatikumbutsa kuti atalepherana ndi Deontay Wilder mu Disembala 2018, anabweranso mu February 2020 ali wolemera ndi waukali, namugonjetsa m'raundi yachisanu ndi chiwiri. Ena amawonjezera kuti mbiri ya nkhonya ili ndi akatswiri ambiri amene anabweza chipongwe, ndipo sakunama. Joe Louis anagonja kwa Max Schmeling mu 1936 koma anamumaliza m'raundi yoyamba mu 1938. Lennox Lewis anagwetsedwa ndi Hasim Rahman ku South Africa mu Epulo 2001, ndipo mu Novembala chaka chomwecho anatenganso malamba ake ku Las Vegas. Anthony Joshua nayenso anabwezera Andy Ruiz mu Disembala 2019 atagonja kwa iye miyezi isanu ndi umodzi m'mbuyomo.

Apa ndi pamene ndikusiyana nawo, ndipo ndikupempha owerenga aganizirepo mofatsa. M'kuona kwanga, anthu atatuwa anagonja kwa anzawo amene sankawaposa luso. Anagwa chifukwa cha kuderera mdani kapena kusiya mpata umodzi umene chibakera chinalowera, ndipo vuto lotere munthu amalikonza ku malo ophunzirira m'miyezi yochepa. Wilder nayenso ndi munthu wodalira dzanja limodzi lamanja, ndipo ukamubweza m'mbuyo mphamvu yake imachepa, n'chifukwa chake nzeru ya Fury yomupanikiza inathandiza. Usyk ndi wina. Uyu ndi wamanzere amene anapata mendulo ya golide ku mpikisano wa Olympics ku London mu 2012, anasonkhanitsa malamba onse a gulu la cruiserweight, la anthu opepukirapo kuposa olemera kwambiri, mu 2018, ndipo chiyambire kumenya nkhonya yolipidwa sanagonjepo. Joshua, amenenso ndi wamkulu thupi kuposa iye, anayesa kawiri, ku London mu 2021 ndi ku Jeddah mu 2022, ndipo ngakhale kachiwiriko anachita bwinopo, anagonjabe. Munthu akakuposa pa kayendedwe ka mapazi, pa mpweya ndi pa kuwerenga zimene ukufuna kuchita usanazichite, miyezi isanu ndi iwiri siyingakwane kuti umupeze.

Taganizirani njira zimene Fury ali nazo. Akabwera wolemera kwambiri kuti azimutsamira Usyk ndi kumutopetsa, adzakhala akunyamula katundu wochuluka pothamangitsa munthu amene saima malo amodzi, ndipo pofika raundi yachisanu ndi chitatu wotopa adzakhala iyeyo. Akabwera wopepuka kuti azimenyera patali, ndiye kuti wabwerera ku nkhonya ya mu Meyi imene analuza kale. Tisaiwalenso kuti thupi limeneli laona zambiri. Wilder anamugwetsa kanayi m'nkhonya zawo zitatu, ndipo Francis Ngannou wa ku Cameroon, amene anali asanamenyepo nkhonya yolipidwa ya mtundu umenewu, anamugwetsa m'raundi yachitatu mu Okutobala 2023. Pofika pa 21 Disembala 2024 Usyk adzakhala ndi zaka 37 ndipo Fury 36, koma amene walandira zibakera zoopsa zambiri ndi Fury.

Chinanso chimene chimandidetsa nkhawa, monga munthu amene ndinasangalala kwambiri pamene Fury anagonjetsa Wladimir Klitschko ku Germany mu 2015, n'chakuti nkhonya ya mu Meyi itangotha iye ananena kuti ndiye anapambana. Munthu amene sakuvomereza kuti anagonja n'kovuta kuti asinthe kamenyedwe kake.

Mwayi wa Fury ulipo ndithu. Kukonzekera kwake koyamba kunasokonezeka ndi bala la pamwamba pa diso limene linachititsa kuti nkhonya isunthidwe kuchoka mu February, ndipo akasiya zoseweretsa mdani monga anachitira m'raundi yoyamba ya nkhonya ya mu Meyi, n'kulimbikira kumenya m'mimba kumene Usyk amaoneka kuti amamva ululu, akhoza kutenga maraundi angapo oyambirira. Koma ndikuyembekeza kuti kuyambira raundi yachisanu ndi chiwiri Usyk adzayamba kulamulira, ndipo ulendo uno oweruza onse atatu adzamupatsa chipambano, malamba a mabungwe a nkhonya a WBA, WBC ndi WBO n'kubwereranso ku Ukraine.

Ine wanu,
Wokonda nkhonya,
Senga Bay, Salima.