Lipoti la msonkhano wokambirana za mtengo wa digiri

A Wapampando ndi mamembala anzanga a komiti yothandiza ophunzira,

Ndabwerako ku msonkhano wa masiku atatu umene munandituma, wokambirana ngati digiri imabweza ndalama zimene makolo ndi ophunzira amathirapo. Malisiti a mayendedwe ndi a malo ogona ndapereka kale kwa a msungichuma, ndipo alawansi yonse inagwira ntchito imene munandipatsira. Ndayamba ndi zimenezi chifukwa ndinamva kuti ena ankati ulendowu ndi wongotaya ndalama.

Tsiku loyamba linathera malonje ndi zoyankhula za akuluakulu. Gawo la makompyuta m'makalasi ndinakhalapo mpaka kumapeto, koma mulibe chotikhudza.

Chimene chinandigwira mtima chinabwera tsiku lachiwiri masana. Mphunzitsi wina wa zachuma anatiyalira maganizo awiri amene akhala akukokana kwa nthawi yaitali. A Gary Becker, m'zaka za m'ma 1960, ankati sukulu imamuwonjezera munthu luso, ndipo lusolo ndi limene olemba ntchito amagula. A Michael Spence mu 1973 anati digiri imagwiranso ntchito ngati chizindikiro, chouza bwana amene sakukudziwa kuti ndiwe munthu wotha zinthu. A Spence anadzalandira mphoto ya Nobel mu 2001. Atatha kufotokoza, mphunzitsiyo anatenga cholembera n'kujambula masitepe anayi pabolodi. Atatu oyamba anali aafupiafupi, koma yomaliza anaikweza mpaka dzanja lake linafika kumwamba kwa bolodi. Malipiro sakwera mofanana chaka ndi chaka cha ku yunivesite, amadumpha pamene munthu wagwira pepala m'manja. Mwana amene wasiyira chaka chachitatu walipira fizi ya zaka zitatu, wataya ndalama zimene akanapeza akanakhala pantchito, mwinanso ngongole ili pamsana, koma akapita kukafunsira ntchito nthawi zambiri amamuika pamzere umodzi ndi amene sanapondeko ku koleji.

Abale anga, ndili pampando paja mtima unathawira kuno. Chaka chatha tinagwirizana zomalipirira ana chaka choyamba chokha kuti thandizo lifikire ambiri. Ine ndinakana, ndipo mpaka lero kukana kwangako sikunalembedwe m'maminitsi ngakhale ndinapempha kawiri. Mukumukumbukira mtsikana uja anabwera ndi kalata ya ngongole ya fizi ataipinda mkati mwa kope? Anakhoza bwino chaka choyamba. Tinamuuza kuti malamulo athu satilola kulipira chaka chachiwiri, iye anangoipindanso kalatayo n'kutuluka mwakachetechete. Pano ali pakhomo. Tinamukweza sitepe imodzi yaifupi ija n'kumusiya pomwepo, ndalama zathu ndi chaka chake zonse zinalowa m'madzi.

Funso lenileni la msonkhano, loti kodi digiri imabweza ndalama, linayankhidwa ndithu. Kafukufuku wa World Bank wa mu 2018 anapeza kuti, potengera mayiko ambiri, chaka chilichonse cha sukulu chimawonjezera malipiro a munthu ndi pafupifupi 9 peresenti. Choncho kwa anthu ochuluka maphunziro amapindula. Koma nambala imeneyi ndi yapakatikati. Imaphimba kusiyana kwa maphunziro amene munthu wasankha, ndipo imaphimbanso amene sanamalize.

Za amene ayenera kulipira, mayiko ayenda njira zosiyana. Ku England anakweza fizi kufika mapaundi 9,000 pachaka mu 2012, pomwe ku Germany zigawo zonse zinali zitachotsa fizi m'mayunivesite a boma pofika 2014. Ku South Africa ophunzira anatuluka m'misewu mu 2015 pokana kukwera kwa fizi. Ine inandikomera ndi njira imene Australia inayamba mu 1989: wophunzira amabweza ngongole kudzera mu msonkho pokhapokha malipiro ake akafika pamlingo winawake. Amene sanapeze ntchito yabwino sathamangitsidwa. Ifenso tikhoza kutengerapo, ana amene tawathandiza azibweza pang'onopang'ono akayamba kulandira, kuti thumba lisaume. Ndikudziwa ena anena kuti tilibe mphamvu zolondola anthu, koma kodi tinayesapo n'kamodzi komwe?

Tsiku lomaliza panali gawo la ntchito zamanja, limene analipatsa nthawi yochepa kwambiri, kenako mfundo zomanga. Yaikulu inali yopempha kuti ngongole za ophunzira zichuluke. Sindinakweze dzanja. Mfundoyo ikuwerenga olowa pageti, za otuluka ndi pepala sinanenepo kanthu, ndipo ngongole yochuluka kwa mwana amene sadzamaliza ndi kumumangirira mwala m'khosi.

Ndikupempha kuti pa msonkhano wathu ukubwerawu tiikepo nkhani yosintha lamulo lija, tizitenga ana ochepa koma tiziwaperekeza mpaka amalize. A mlembi akonzenso maminitsi a chaka chatha. Ndipo tisanasankhe ana atsopano, wina apite nane kwa mtsikana uja tikamve ngati koleji ingamulandirenso.

Ine nthumwi yanu.